Lamba wa Mtovu Amavalidwa Pomaliza

Ana anga, nonse munakula mukupunthwa pa kachitsulo kotuwa kaja kamene kamagwira chitseko cha kukhitchini kwathu ku Kawale kuti chisamamenyetseke ndi mphepo. Mayi anu anayesa kangapo kukapereka kwa ogula zitsulo zakutha, ine n'kumakabwezera pomwepo, mpaka anangondisiya kuti bambo anu ndi ouma mutu. Chimenecho si chitsulo, ndi mtovu, ndipo unachoka pa lamba wa a Mhone, bwana amene anandiphunzitsa ntchito yolowa pansi pa madzi. M'mutu uno ndikufuna muwadziwe bambo amenewa, mudziwenso za tsiku limene ine, wantchito wawo, ndinawakaniza kulowa m'madzi, ndikudziwa bwino lomwe kuti ndikuwathetsera ntchito imene ankaikonda kuposa chakudya.

Likulu lisanabwere

Ntchito yanga yoyamba inali ya piki ndi fosholo. Ndinachoka kwathu ku Mitundu nditamva kuti ku Lilongwe akumanga mzinda watsopano ndipo akulemba aliyense wa manja awiri. Ofesi yoona za madzi inandilemba kuti ndizikumba ngalande zoikamo mapaipi. Masiku amenewo kutsidya kwa Lingadzi kunali tchire lokhalokha. Misewu yaphula inkangolowa m'thengo n'kukathera pachulu, ife n'kumaseka kuti ojambula mapulaniwa akumangira anyani mzinda. Tinkagona ku Old Town, m'mawa kukwera lole, madzulo kubwerera tili psuu ndi fumbi, moti mnzako unkamuzindikira ndi mawu okha.

Tsiku lina kapitawo anatiimika pamzere, akuti kwabwera bwana wofuna munthu mmodzi. Tinaona bambo wamfupi, wachifuwa chotambalala, atavala kabudula woyera ndi sokosi zofika m'mawondo. Anafunsa kuti ndani amadziwa kusambira. Tonse tinakweza manja, nanga ndani akanakana kutuluka m'ngalande? Anatitengera kumtsinje n'kutiuza kuti tiwoloke. Zimene anaona kumeneko zinawaseketsa mpaka misozi. "Achewa inu," anatero, "uku si kusambira, uku n'kumenyana ndi madzi. Akulakwirani chiyani madziwo?" Ine ndinafika tsidya nditamwa theka la mtsinje, ndipo sindinali woyamba. Koma anasankha ine. Patapita nthawi ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chake. "Pamene anzako ankathamangira kudumpha," anayankha, "iwe unayamba wapinda malaya ako, wawaika pamwala, wayang'ana pomwe ukatulukire. Nsomba ndazisiya zambiri kwathu, Lufeyo. Kuno ndikufuna munthu amene amayamba wayang'ana."

A Mhone anali ochokera cha ku Nkhata Bay. Ntchito anaiphunzirira pansi pa sitima zam'madzi ku Monkey Bay, kenako boma linawatumiza kunja kukachita kosi. Anali mkulu wa mpingo, mowa sankaulawa, fodya sankafuna n'komwe kumva fungo lake, ndipo ankati mapapo a daiva, munthu wolowa pansi pa madzi, ndi katundu wa mkazi wake. Chichewa chawo chinkapendekekera ku Chitonga, ndipo tikawaseka ankati ifenso tipite kwawo tikaone ngati tingagule ngakhale mchere. Sindinaonepo munthu wina wogwira zida zake mwaulemu ngati iwo. Botolo la mpweya sankaligoneka padzuwa, chingwe sankachiponda, ndipo akamaliza ntchito ankayamba atsuka zida asanadzitsuke okha.

Ine anandipatsa ntchito ya woveka, kutanthauza munthu amene amaveka daiva zida zake n'kugwira chingwe chake ali pamtunda. Ndinkaona ngati n'zamasewera, nanga kuveka munthu wamkulu n'chiyani? Ndinadziwa msanga kuti ndalemba m'madzi. Choyamba ndi suti ya labala, kenako mpeni pamwendo. Kenako botolo la mpweya kumsana ndi malamba ake: a m'mapewa, wa m'chiuno, ndi wina wodutsa pakati pa miyendo kuti botolo lisakwere n'kukamenya munthu kunkhongo. Kenako chingwe cha pachifuwa. Pomaliza penipeni, pamwamba pa zonsezo, lamba wa mtovu. Suti ya labala imayandama, ndiye popanda cholemera munthu sangamire. Koma cholemera chomwecho ndi chimene chingamusunge pansi zinthu zikavuta. N'chifukwa chake lambayo amayenera kukhala woti dzanja limodzi likangotsegula chotsekera, agwe yekha osakodwa paliponse. Zidutswa za mtovu tinkaziika molingana mbali zonse za chiuno, chakutsogolo pang'ono, osati pamsana pomwe pali botolo. Chotsekera cha lamba wa mtovu chinkatsegukira kudzanja lamanja, cha malamba a botolo kumanzere, kuti mumdima zala zisasokonezeke. Mchira wa lamba sitinkaupisa paliponse, unkangolendewera.

Anandiphunzitsa zonsezi atandimanga nsalu kumaso. Ankati madzi a mtsinje wa Lilongwe alibe nyali, ndiye maso a daiva ndi zala. Ankabisa dala zolakwika, mwina kupotoza lamba kumbuyo, mwina kusendeza chidutswa chimodzi, ine n'kumafufuza mpaka thukuta. Ndikapeza kuti zonse zili bwino, ndinkayenera kuwamenya paphewa ndi chikhatho. Lamulo lawo pa zimenezi linalibe khomo lotulukira. "Woveka akapanda kukumenya paphewa, sulowa," ankatero. "Kaya ndiwe ndani, kaya damulo ndi la bambo ako. Ngakhale ine amene, Lufeyo. Wamva?" Ndinkavomera mosavuta, chifukwa sindinkaganiza kuti tsiku loterolo lingadzafike.

1975, chaka chimene boma linasamuka ku Zomba

Chaka chimenecho malole ankangotsatizana atasenza madesiki, makabati a mafayilo ndi mabanja athunthu. Ku Capital Hill maofesi anadzaza. Ku Area 11 kunamera nyumba za mabafa angapo ndi kapinga wofuna kuthiriridwa tsiku ndi tsiku, ndipo ku Area 43 nako maziko anali atayamba. Anthu amene kwawo anakula akutunga padambo anaphunzira msanga kuimba foni madzi akangochedwa pampopi. Ife olowa m'madzi tinalipo atatu basi: a Mhone, Binwell wa ku Nkhotakota amene anali daiva wachiwiri, munthu wanthabwala zosatha, ndi ine. Tinkapita kudamu la ku Malingunde kukaona mavavu a pansi otsegulira ndi kutsekera madzi, ndipo kawirikawiri tinkakhala pamalo pomwe mapampu amakokera madzi mumtsinje, tikuchotsa zinyalala pa sefa yachitsulo yotchinga pakamwa pa paipi.

Ntchito inkakula koma zida zinkatha. Suti tinkazimata ndi zigamba za machubu a njinga, mpaka Binwell ankati akamira nsomba zimamufunsa mtengo wopopetsa. Chovuta kwambiri chinali mtovu. Wa kusitolo ya ofesi anatiuza kuti oda yatsopano idzabwera pa sitima tsiku losadziwika, ndipo aliyense wotaya chidutswa alembedwa kuti ndi wosasamala katundu wa boma. Inu a masiku ano simungamve kulemera kwa mawu amenewo. Nthawi imeneyo munthu akakulembera zotero, tulo sunkatiwona.

M'mawa wina ndikuveka Binwell, zala zanga zinakhudza kachingwe ka khonje kumbuyo. Anali atamangirira lamba wa mtovu ku malamba a botolo, kuti ngakhale atatseguka mwangozi asatayike. Sindinamumenye paphewa. A Mhone anabwera, anayang'ana kachingweko, anasolola mpeni n'kukadula. Binwell nthabwala zinamuthera. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Binwell, mkazi wako akabwera kudzakufuna, ndidzamupatse mtovu?" Tsiku limenelo palibe amene analowa m'madzi.

Bwana wina akanathera pokalipa. A Mhone anaona kuti vuto si Binwell, vuto ndi mantha, ndipo anaganiza zothana ndi manthawo. Loweruka lotsatira tinazungulira magalaja a ku Old Town tikupempha mabatire akufa a galimoto, n'kuwakweza pa njinga yawo mpaka matayala anaphwa. Tinapita nawo kumsika kwa a Jafali, mmisiri wokhoma zidebe, amene anawaswa n'kusungunula mtovu wake pamakala, kuuthira m'zikombole zadothi zimene a Mhone anaumba okha. Zidutswa zake zinali zosaoneka bwino, zina zokhota, koma m'madzi mulibe wosankha nkhope. Kuyambira pamenepo tinali ndi mtovu wathuwathu umene wa kusitolo sankaudziwa. Ndipo a Mhone anakhazikitsa mwambo. Aliyense amene wataya lamba m'madzi sankafunsidwa funso lililonse, koma ankapita naye ku tiyirumu ina pafupi ndi depoti ya basi, n'kumugulira tiyi wamkaka ndi sikono zopaka majarini. Binwell anamwapo tiyi ameneyo kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ife tinamukayikira kuti inali njala chabe.

M'chaka chomwecho anayamba kundilowetsa m'madzi, koma osaya ndi odekha okha, m'matanki ndi m'mbali mwa damu. Ndinkachita bwino ndithu, ngakhale mtima unkagunda ngati ng'oma nthawi zonse madzi akatseka pamwamba pa mutu wanga. A Mhone ankati ndisafulumire, m'madzi osefukira adzandilowetsa akadzaona kuti ndapsa.

Dzinja lotsatira

Woveka amadziwa thupi la daiva wake kuposa telala. Mano a chotsekera amasiya mzere wonyezimira pa lamba, pamalo pomwe amaluma tsiku ndi tsiku. Pa lamba wa a Mhone mzerewo unali pamalo amodzi chiyambire. Koma kuyambira nyengo yotentha ndinaona kuti chotsekera chayamba kuluma chamkati, ndipo mchira wa lamba ukutalika. Anayamba kutsokomola. Pachitunda chochokera pa mlatho wa Lilongwe, pomwe kale ankakwera akuimba nyimbo za kutchalitchi, tsopano ankatsika n'kumakankha njinga. Nditawafunsa anaseka, akuti amayi kunyumba achepetsa mafuta m'ndiwo. Anasiya kulowa m'madzi, ntchito zonse n'kumapatsa Binwell, akuti akumukhwimitsa.

Ndinkadziwa chimene ankabisa, chifukwa anandiphunzitsa okha. Munthu wodwala chifuwa saloledwa kupuma mpweya wa m'botolo, poti pokwera kuchokera pansi mapapo ofooka amatha kung'ambika. Dokotala akangomva chifuwa chotero, udaiva watha. Ndipo kwa a Mhone sunali udaiva wokha. Nyumba ya boma imene ankakhala ku Area 18 inali ya udindowo, ndipo ana awo anali pasukulu mumzinda momwemo.

Kenako kunagwa chimvula chimene chinasandutsa mtsinje kukhala phala lofiira. Madzi anakokolola chimtengo chathunthu n'kuchipanikiza pa sefa, zinyalala n'kuunjikana pamenepo mpaka mapampu anayamba kukoka mphepo ndipo anawazimitsa. Matanki a mumzinda anauma. Binwell anali atapita kumaliro kwawo, ndipo msewu wobwerera unali utaduka. Pofika ife pamalopo tinapeza injiniya wamkulu ali kale pompo, nsapato zili matope okhaokha. Sindimutchula dzina, ndipo sanali munthu woipa. Ankakhala ku Area 11, ndipo anansi ake, akuluakulu a m'maunduna, anali atayamba kumugogodera pakhomo atanyamula ndowa.

Ndinapita kugalimoto kukatenga chingwe chachikulu chokokera mtengo. Pobwera ndinapeza a Mhone atavala kale zonse, botolo lili kumsana, galasi lotchinga maso lili pamphumi. Chiyambire sanadzivekepo okha.

"Ndakuchepetsera ntchito, Lufeyo," anatero. "Tangomenya tizipita."

Koma zala zanga zinali zitazolowera, zinangoyamba zokha. Mapewa anali bwino, mpeni unalipo, chingwe cha pachifuwa chinali chomanga bwino. Nditafika m'chiuno ndinaima. Lamba wa mtovu anali pansi. Anali atamuvala poyamba, kenako n'kudutsitsa pamwamba pake lamba wa m'chiuno ndi uja wa pakati pa miyendo. Akanatsegula chotsekera pansi pa madzi, mtovuwo ukanangolendewera pathupi pawo osagwa.

"Bwana," ndinanong'ona, "lambayu ali pansi."

"Ndikudziwa," anayankha osandiyang'ana. "Chiuno chatha. Ndikamuika pamwamba akuvuka, agwa ndisanafike pa sefa."

"Ndiye timuvule, timange bwino."

"Ndayesa kale. Ntchito yake ndi yaing'ono, kungomanga chingwe pamtengo basi. Menya, anthu akutiyang'ana."

Ndinali pafupi nawo kwambiri moti ndinkamva m'chifuwa mwawo mukulira pamene ankapuma. Ana anga, m'moyo wanga wonse sindinagwirepo njakata ngati tsiku limenelo. Ndikawamenya paphewa, ndiye kuti dzanja langa lomwe lawatumiza kumene mwina sakabwerako. Ndikapanda kuwamenya, injiniya afunsa chifukwa pamaso pa anthu onse, ndipo mawa lake ndi kwa dokotala, ntchito yatha, nyumba yapita. Ndipo panalinso china chimene sindibisa. Iwo akapanda kulowa, wolowa ndi ine, munthu amene ndinali ndisanalowepo m'madzi osefukira, mayi anu ali ndi pakati pa iwe Esinati. Ndinkawakonda bambo amenewa ngati bambo anga ondibala, ndipo ndinkawaopanso chimodzimodzi.

Ndinabweza manja kumbuyo n'kuwagwirizitsa. "Sindimenya, bwana."

Nkhope yawo inachita mdima, ndipo ndinaona kuti akwiya zenizeni. Nthawi yomweyo injiniya anafika akupuma mofulumira. "Mista Mhone, tikudikira chiyani? Ku Capital Hill foni sikuleka kulira. Mzinda wonse ulibe madzi!"

Apa m'pamene ndikufuna mumvetse kuti a Mhone anali munthu wotani. Palibe amene akanawaletsa kungotsika makwerero n'kulowa. Injiniya sankadziwa za kumenya paphewa, alebala sankadziwa, ndipo ine ndinali munthu wa piki wa dzana lomweli. Akanathanso kunama kuti botolo likutuluka mpweya. Koma anavula galasi pamphumi n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Woveka sanandimenye paphewa. Sindilowa."

"Woveka?" injiniya anadabwa, akundiyang'ana kuyambira kumapazi. "Kodi bwana pano ndani?"

"Pamtunda ndine. Pa lamba ndi iyeyu," anatero a Mhone. "Ndipo sakulakwa. Ndikudwala chifuwa, ndakhala ndikubisa. Mulembe zimenezo mu ripoti yanu, koma dzina lake musaliikemo. Madzi anu muwapeza lero lomwe. Lufeyo, vala suti."

Anandiveka okha. Manja awo anali otentha ndi malungo. Anandiika botolo lawo, anakoka lamba aliyense n'kulowetsa chala kuti aone ngati wathina bwino. Pomaliza anatenga lamba wawo wa mtovu, poti chotsekera chake chinali chabwino kuposa cha wanga, anasendeza zidutswa kuti zigwirizane ndi chiuno changa, n'kumumanga pamwamba pa zonse. Anagwira dzanja langa lamanja n'kuliika pa chotsekera kuti lizolowere.

"Ukuopa?" anafunsa.

"Kwambiri, bwana."

"Zili bwino. Wosaopa ine sindimuveka. Usamenyane nawo madziwo, Mchewa iwe. Zikavuta taya mtovu, ndipo pokwera usagwire mpweya." Anandimenya paphewa.

Pansi pamenepo kunali bii. Madzi ankandikankhira kumbali, timiyala ndi tinthambi tikumenya pagalasi. Ndinatsika ndikugwira zitsulo za sefa, mpaka manja anapeza khungwa la mtengo. Ndinaufufuza mpaka ndinapeza mphanda yolimba, ndinazunguliza chingwe chachikulu n'kumanga mfundo imene anandiphunzitsa. Kenako ndinasendera pambali, pomwe ndinkaganiza kuti m'potetezeka, n'kukoka chingwe changa kuwadziwitsa kuti alebala ayambe kukoka. Mtengo unagwedezeka, unachoka pa sefa, koma m'malo mokwera unagubuduka. Nthambi ina imene sindinaikhudze poyamba inabwera chakumbuyo, inalowa pakati pa lamba ndi chiuno changa, n'kuyamba kundikokera kudziwe lakuya. Chingwe cha pachifuwa chinkandikokera kumwamba, mtengo ukundikokera pansi, ndipo msana unkachita ngati uthyoka. Mutu sunaganize chilichonse. Dzanja lamanja linapita lokha pomwe analiika, linatsegula, ndipo lambayo anagwa osakodwa paliponse. Ndinakwera ndikutulutsa mpweya, ndipo chinthu choyamba kuchiona pamwamba chinali a Mhone atagwada m'matope, chingwe changa atachikulunga m'manja onse awiri, akutsokomola.

Sindinganene kuti akanalowa iwo nthambi ija ikanawapeza. Zimenezo adziwa ndi Mulungu. Ine ndikungonena zimene dzanja langa linapeza. Mtengo anautulutsa, ndinalowanso nditavala lamba wanga kukachotsa zinyalala zotsala, ndipo dzuwa lisanalowe mapampu anali akulira. Injiniya anandigwira chanza, kenako anakweza a Mhone m'galimoto yake n'kupita nawo kuchipatala.

Chilimwe cha chaka chomwecho

Chinali chifuwa chachikulu. Anagona m'chipatala miyezi, ndipo kuwodi yawo sankalola alendo. Ndinatumiza moni kudzera kwa amayi a kunyumba kwawo, koma yankho silinabwere, ndipo mtima wanga unandiuza kuti sadzandikhululukira. Anachira, koma madokotala anati apume pantchito. Nyumba ya ku Area 18 anapatsa munthu wina. Ana anawasamutsira kusukulu za kwawo. Ndinkati ndikadutsa pafupi ndi nyumbayo n'kuona makatani achilendo, chakudya tsiku limenelo sichinkalowa. Anzanga ena ankandinena poyera kuti Lufeyo anachotsetsa bwana wake kuti atenge malo, ndipo zinkandipweteka chifukwa malowo ndinawatengadi, ndinakhala daiva wachiwiri pansi pa Binwell.

Madzi ataphwera n'kuyera, ndinalowa padziwe lija ndi kufufuza m'matope mpaka ndinamupeza lambayo, zidutswa zake zonse zili pompo. Ndinamutsuka n'kumusunga, osadziwa kuti ndidzamupereka bwanji. Kenako tsiku lina mlonda wa pageti anandiuza kuti a Mhone anadutsa, akuti ndikawapeze mawa m'mawa ku tiyirumu ya kudepoti.

Ndinawapeza atakhala pakona, atavala jekete imene tsopano inkawakulira, kasutikesi kali pambali. Amayi ndi katundu anali atatsogola pa lole, iwo ankadikira basi ya kumpoto. Patebulo panali kale makapu awiri ndi sikono.

"Khala," anatero. "Mwambo ndi mwambo. Wotaya lamba amamwa tiyi."

Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja. "Wotaya lamba safunsidwa mafunso, ndipo nayenso salankhula zambiri. Imwa, uzizira." Kenako anawonjezera, akuyang'ana m'kapu, "Ndinakukwiyira, Lufeyo, sindinama. Mwezi woyamba ndinkati ndikamva dzina lako ndinkatembenukira kukhoma. Kenako mwana wanga wamng'ono anabwera kudzaima pawindo la wodi, akundionetsa dzino limene linamugweruka. Ndinaliona dzinolo ndi maso angawa."

Ndinatulutsa lamba uja m'thumba n'kumuika patebulo. Anamutambasula, chala chawo chinayenda pa mzere wakale wonyezimira, kenako pa timizere tatsopano tolowera mkati. Anapukusa mutu n'kuseka pang'ono. "Ndinkabisira dokotala, ndinkabisira amayi, osadziwa kuti lamba akuulula zonse." Anasolola chidutswa chimodzi, chokhota chija cha kwa a Jafali, n'kundipatsa. "Ichi n'chako. Zotsalazi ubwezere kuntchito, kukubwera ena oti adzazitaye."

Basi itayamba kuliza hutala tinatuluka. Ndinawanyamulira sutikesi mpaka pakhomo la basi, kondakitala akukuwa kuti okwera akwere. Koma a Mhone sanakwere. Anatembenuka, anaima chilili patsogolo panga, miyendo motalikirana pang'ono, manja atawatambasula m'mbali, monga ankaimira m'mphepete mwa madzi.

"Tandiona, woveka," anatero. "Ndingapite?"

Anthu a m'basi ankatiyang'ana m'mawindo, ena akuseka, koma ine sindinasamale. Ndinayamba m'mapewa, ndinawongola kolala ya jekete, ndinatsika mpaka m'chiuno. Lamba wa buluku lawo anali ndi bowo latsopano loboola ndi msomali, koma anali atagwira bwino. Misozi inali itatseka maso anga, koma iwo anali atandiphunzitsa kale kugwira ntchitoyi osaona. Ndinakweza dzanja n'kuwamenya paphewa, ndipo anakwera.